Kuwerenga matumba pa Muloza: lipoti la ntchito yolondola chimanga chodutsa m'malire

Lipoti ili ndalembera anzanga amene amakonza njira zosonkhanitsira ndi kugawa uthenga wa zamalonda pakati pa mayiko oyandikana, makamaka amene angoyamba kumene ntchitoyi. Ndinkayang'anira kagulu ka anthu owerenga chimanga chodutsa m'malire a Malawi ndi Mozambique komanso Zambia, kuyambira m'chaka cha njala cha 2016 mpaka chimanga chochuluka cha 2017 chitagulitsidwa. Tinali ndi anthu pa Muloza ku Mulanje, m'dera la Lizulu ndi Tsangano ku Ntcheu, ndi ku Mchinji. Zambiri zomwe ndifotokoze ndi za pa Muloza, chifukwa ndi komwe ndinkakhalitsa, ndiponso ndi komwe ndinaona ndi maso anga kuti chiwerengero chomwe nduna imawerenga ku Capital Hill chimayambira pa munthu mmodzi woima padzuwa ndi kope m'manja.

Kumene ntchitoyi inachokera

Amene anali wamkulu kale mu 2002 sasowa kukumbutsidwa za njala ya chaka chimenecho. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mbali ina ya tsokalo inachokera ku ziwerengero. Zokolola za chimanga zinatsika kuchoka pa matani pafupifupi 2.5 miliyoni mu 2000 kufika pa matani pafupifupi 1.7 miliyoni mu 2001. Kuperewerako kunkadziwika, koma ziwerengero za zokolola zinkasonyeza kuti chinangwa ndi mbatata zachita bwino kwambiri moti zitseka mpatawo. Chinangwa chambiri cha m'ziwerengerozo chinali cha papepala chabe. Nthawi yomweyo chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000, chinali chitagulitsidwa. Pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza pa 27 Febuluwale 2002 kuti dziko lili pa ngozi ya njala, anthu anali atayamba kale kudya madeya ndi mizu ya nthochi, ndipo maliro anali atachuluka m'midzi.

Nyengo yotsatira cholakwika chinatembenuka. Boma, poopa kuti za chaka chapitacho zingabwerenso, linaitanitsa chimanga choposa matani 200,000 kuchokera kunja, mabungwe nawo anabweretsa chakudya chothandizira anthu. Palibe amene anaika m'masamu ake chimanga chomwe chinkalowa mwakachetechete pa njinga ndi pamutu kuchokera ku zigawo za Mozambique za Zambezia, Tete ndi Niassa. Misika inadzaza, mtengo unagwa, boma linatsala ndi milu ya chimanga chomwe linadzagulitsa moluza. Chaka choyamba tinawerenga chakudya chomwe kunalibe, chaka chachiwiri tinalephera kuwerenga chakudya chomwe chinalipo.

Nchifukwa chake mu Julayi 2004 mabungwe a FEWS NET (lochenjeza za njala isanafike) ndi WFP (la United Nations loona za chakudya) anaika anthu m'malire a mayiko angapo a kumwera kwa Africa kuti aziwerenga chimanga, mpunga ndi nyemba zodutsa popanda kulembedwa ndi a kasitomu. Nyengo yoyamba yomweyo anapeza kuti chimanga choposa matani 70,000 chinalowa m'Malawi kuchokera ku Mozambique, chambiri kudzera pa Muloza. M'njala ya 2005/06 china chambiri chinalowa cha ku Songwe kuchokera ku Tanzania. Ife tinabwereka njira yawoyo, tinkangofuna kuifupikitsa kuti uthenga uzifika msanga kwa amene akuufuna.

Woyang'ana mapu angaone yekha chifukwa chomwe chimanga chimayendera motero. Kumwera kwa Malawi kunalowa m'mimba mwa Mozambique. Mlimi wa ku Milange, tauni ya ku Mozambique yoyang'anizana ndi Muloza, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Blantyre, pomwe Maputo ili kutali makilomita oposa 1,500. Mlatho wa pa Caia usanatsegulidwe mu 2009, lole yochokera ku Zambezia inkaima pamzere kudikira pantoni kuti iwoloke Zambezi, ndipo ngakhale lero Maputo imadalira kwambiri chimanga cha ku South Africa. Misika ya mlimi wa ku Milange ndi Limbuli, Luchenza, Limbe ndi Lunzu. Tsidya lino, ku Mulanje ndi ku Thyolo kuli anthu ambiri pomwe malo ambiri abwino anapita ku minda ya tiyi, kotero mabanja ochuluka amadya chogula kwa miyezi yambiri pachaka. Ndi msika umodzi wokhala pansi pa maboma awiri, boma lililonse likuwerenga theka lake lokha.

Mmene tinakonzera ntchito

Tisanagule chida chilichonse tinakhala pansi ndi funso lakuti ndani adzagwiritse ntchito uthengawu, ndipo adzapanga nawo chiganizo chotani. Akuluakulu a boma ankafuna kudziwa ngati n'kofunika kuitanitsa chimanga kunja ndiponso chochuluka bwanji. Mabungwe othandiza anthu anali ndi funso lawo: mu 2016, komiti younika za kusowa kwa chakudya m'dziko muno ya MVAC itanena kuti anthu oposa 6 miliyoni adzasowa chakudya, ankafuna kudziwa madera omwe angapereke ndalama m'malo mwa matumba. Kupatsa munthu ndalama pomwe msika wa kwawo ulibe chimanga n'kungokweza mtengo, koma ngati chimanga chikulowabe kuchokera tsidya lija, ndalama zimathandiza mwachangu kuposa lole ya chakudya. Panali gulu lachitatu, amalonda ang'onoang'ono ndi alimi eniakewo. Pa mapulani athu tinawalemba ngati opereka uthenga basi, osati olandira. Cholakwika chimenechi chinatidyera miyezi.

Fomu yathu inali ya tsamba limodzi: tsiku, mbewu, chiwerengero cha matumba, chonyamulira, komwe katundu wachokera, komwe akupita, mtengo, ndi mtundu wa ndalama yomwe yagwiritsidwa ntchito.

Funso lovuta linali lakuti munthu wathu aime pati. Pa Muloza pali chipata cha boma, koma njinga zambiri sizidzera pamenepo pokha. Zimawoloka mtsinje malo osiyanasiyana, ina itanyamula matumba awiri, ina atatu, mwini wake akuikankha m'malo mopalasa, thukuta kamukamu. Munthu mmodzi sangaone njira zonsezo. Koma chimanga chonsecho chimakathera malo ochepa, pomwe mavenda amaika masikelo awo n'kumaunjika matumba podikira lole. Tinasankha kuwerengera pa milu imeneyo, nthawi yomwe lole ikupakira. Vuto lake n'lakuti pamulu pamasakanikirana chimanga cha tsidya lija ndi cha m'midzi ya kuno, makamaka nthawi yokolola. Apa panalibe kuchitira mwina koma kufunsa mwini muluwo, ndipo yankho lake limadalira mmene akukuonera iwe wofunsawe.

Munthu woyamba yemwe tinamuika pamenepo anali mnyamata wochokera m'tauni, wophunzira bwino, wakhama. Tinamupatsa foni yaikulu yolembera ndi chovala chokhala ndi chizindikiro cha ntchito. Sabata ziwiri zoyambirira ziwerengero zake zinali zochepa modabwitsa, mpaka ndinapita kukaona. Ndinaima naye pafupi ndi sikelo ina m'mawa. Akangotulutsa foni ija, a njinga ankapatukira kwina, ndipo mavenda ankayankha mwachidule kuti chimangacho n'cha m'mudzi momwemo. Mayi wina wogula chimanga anamuyang'ana n'kumufunsa kuti, "Achimwene, zomwe mukulembazo mukapereka kwa yani? Mawa tikaona apolisi pano tidziwa kuti ndi inu." Mnyamatayo sanalakwe chilichonse. Tinalakwa ndife amene tinamuveka ngati wokhometsa msonkho n'kumutumiza osadzera kwa eni dera.

Tinayambiranso. Tinapita kwa a nyakwawa ndi kwa a tcheyamani a msika kukafotokoza kuti sitilemba dzina la munthu kapena nambala ya galimoto, ndipo tinawaonetsa fomu kuti aone okha kuti malo olembapo zimenezo palibe. Mnyamata uja tinamusamutsira ku ntchito yolowetsa ziwerengero mu kompyuta, yomwe anaigwira bwino kwambiri. Pa sikelo tinaikapo mayi wa m'deralo, wodziwika kutchalitchi ndi kumaliro, wolankhula Chilomwe ndi Chipwitikizi pang'ono. Iye ankalemba m'kope la ana asukulu, madzulo n'kutumiza ziwerengero pa foni yake yaing'ono.

Ndi mayi ameneyu amene anatifikitsira funso la mavenda lakuti iwo apindula chiyani. Tinagula bolodi ndi choko. Sabata iliyonse ankalembapo mtengo wa chimanga ku Lunzu, ku Limbe ndi ku Mchinji, womwe tinkaupeza kwa anzathu a m'misika imeneyo. Mavenda aakulu anali nawo kale uthengawu kudzera m'mafoni awo. Omwe ankaima pabolodi nthawi yaitali anali a njinga ndi amayi ogula ndowa ziwiri zitatu, amene kale ankangomva mtengo kuchokera kwa munthu yemwe akuwagula. Patapita nthawi anthu anayamba kubwera okha kudzamuuza mayi uja kuti lole ina inapakira usiku iye atapita, ndiye alembe. Kuyambira pamenepo m'pomwe ndinayamba kukhulupirira ziwerengero za pa Muloza.

Thumba, ndowa ndi ndalama

Ku ofesi thumba limatanthauza makilogalamu 50. Pa malire thumba ndi chilichonse chomwe chasokedwa kukamwa. Ena amalumikiza chidutswa cha thumba lina pamwamba kuti lilowe zambiri, popeza wa lole amalipiritsa pa thumba osati pa kulemera. Ukachulukitsa matumba otere ndi 50, chiwerengero chako chimatsika kwambiri osadziwa. Ndowa nayo ili ndi nkhani yake: yogulira imakhala ina, yogulitsira ina. Tinagula masikelo opachika, ndipo tsiku lililonse la msika wowerenga ankapempha kuyeza matumba angapo pamulu uliwonse kuti tipeze kulemera kwenikweni kwa sabata imeneyo. Tinaonjezanso malo olembapo ngati chimanga chili chouma kapena chachiwisi, chifukwa cha mu Epulo ndi Meyi chimalowa chisanaumitsitse ndipo chimapepuka chikamafika ku Blantyre. Mtengo wotsika wa miyezi imeneyo mbali ina ndi mtengo wa madzi.

Za ndalama ndinena mwachidule, ngakhale zinatisokoneza kwambiri. Mtengo wa tsidya lija umanenedwa m'ma metical, wa kuno m'makwacha. Poyamba tinkasintha pogwiritsa ntchito mtengo wa kubanki, ndipo masamu ankaonetsa nthawi zina kuti wogula ku Milange n'kudzagulitsa ku Limbuli akuluza, pomwe njinga zikuwolokabe tsiku ndi tsiku. Wamalonda sapita kubanki, amasintha kwa anyamata oima pa boda. Tinayamba kulemba mtengo wa anyamatawo tsiku lililonse. Amene akukonza ntchito yotereyi lero asamale koposa, chifukwa kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa kubanki ndi wa pamsewu zatalikirana kwambiri kuposa nthawi yathu.

Chimanga chitatembenuka

Chaka cha 2017 mvula inagwa bwino ndipo dziko linakolola zochuluka. Chiletso chogulitsa chimanga kunja chinali chidakalipo, mtengo unagwa mpaka pansi pa mtengo wotsikitsitsa womwe boma linalengeza, pomwe ku East Africa kunali chilala ndipo chimanga chinali pamtengo wabwino. Chimanga chinayamba kulowera kumpoto, nkhani za malole ogwidwa ku Karonga ndi ku Chitipa zinali m'manyuzipepala. Chiletsocho chinachotsedwa kumapeto kwa Okutobala, alimi ambiri ang'onoang'ono atagulitsa kale chimanga chawo motchipa kwa amene anali ndi malo osungira.

Apa m'pomwe zofooka ziwiri za dongosolo lathu zinaonekera. Choyamba chinali cha ine ndemwe: fomu ndinaikonza m'chaka cha njala, maganizo anga onse ali pa chimanga cholowa. Owerenga athu anazolowera kuima pomwe katundu wolowa amaunjikidwa. Wotuluka amadzera kwina ndipo amayenda nthawi ina. Tinalibenso munthu kumpoto, komwe nkhani yonse ya chaka chimenecho inali. Dongosolo lokonzedwa poyang'ana chaka chimodzi limagwira ntchito chaka chimenecho chokha.

Chachiwiri n'chovuta kuchithetsa. Pakakhala chiletso, malonda satha, amasamukira usiku ndi m'njira zam'tchire. Wowerenga wako amalemba ziro, ndipo ziro ameneyo akafika ku Lilongwe amawerengedwa ngati umboni wakuti chiletso chikugwira ntchito. Sindikanatumiza mayi wa ana kukaima m'tchire pakati pa usiku, ndipo sindingalangize wina aliyense kutero. Chomwe tinachita n'kuleka kulemba ziro. Tinkalemba kuti "sizinaoneke masana", n'kuika pambali pake kusiyana kwa mitengo pakati pa misika ya mbali ziwirizo. Mitengo ikamayendera limodzi ngakhale pamalire pakuoneka zii, dziwa kuti katundu akudutsa. Ndimaona kuti nthawi ya chiletso mtengo umanena zoona kuposa chiwerengero cha matumba. Lamulo loyendetsera malonda a katundu la Control of Goods la 2018 linabwera ndi cholinga choti ziletso zizikhala ndi maziko odziwika m'malo mongolengezedwa mwadzidzidzi, koma maziko amenewo ndi ziwerengero, ndipo ziwerengero zimafooka nthawi yomweyo chiletso chikangoyamba.

Nthawi, ndi kulumikiza mayiko

Lipoti lathu la pamwezi linali lokongola, lokhala ndi mapu ndi zithunzi za ziwerengero. Linkatuluka patatha sabata zingapo mwezi utatha, chifukwa linkadutsa m'manja mwa anthu ambiri oliunika. Mkulu wina wa bungwe lothandiza anthu anandiuza mosabisa kuti amaliwerenga kuti aone ngati chiganizo chomwe anapanga kale chinali cholondola. Tinayamba kutumiza uthenga wa mizere itatu Lolemba lililonse pa WhatsApp: mtengo pa malo aliwonse, komwe chimanga chikulowera, ndi ngati chachuluka kapena chachepa poyerekeza ndi sabata yapitayo. Uthenga waufupiwo ndi womwe anthu ankatiimbira foni ukachedwa.

Kulumikiza ziwerengero zathu ndi za mayiko oyandikana nawo kunali ntchito yosaoneka koma yotopetsa. Mozambique ili ndi dongosolo lake la mitengo ya m'misika lotchedwa SIMA, lomwe linayamba mu 1991 ndipo nthawi yathuyo linkatulutsa uthenga sabata iliyonse m'Chipwitikizi. Ndi dongosolo lakale kuposa ambiri m'chigawo chino, koma anthu ochepa kuno amaliwerenga, ngakhale mtengo wa ku Milange umakhudza mphika wa ku Ndirande. Chaka cha malonda a chimanga cha Malawi chimayamba mu Epulo, cha Zambia mu Meyi, kotero ukangophatikiza ziwerengero za "chaka" umasakaniza miyezi yosiyana. Ena amalemba mtengo wogulira kwa mlimi, ena wa pikupiku, ena wa pa ndowa, onse n'kumautchula kuti mtengo wa chimanga. Chimanga cha ku Chipata ku Zambia chimatha kulowa pa Mchinji n'kukatulukira malire ena, ndipo ngati fomu ilibe malo a komwe katundu akupita chimalembedwa ngati chakudya cha Amalawi. Zonsezi sizifuna makina odula. Zimafuna kuti anthu a mayiko atatu akhale pansi tsiku limodzi n'kugwirizana tanthauzo la mawu asanu kapena asanu ndi limodzi. Misonkhano yambiri ya m'chigawo yomwe ndinapitako inkakamba za nkhokwe imodzi yaikulu ya pa intaneti, nkhani ya matanthauzoyi n'kuisiyira tsiku lomaliza anthu akuthamangira ndege.

Ndani alipire

Ntchito yathu inatha thandizo la ndalama litatha. Owerenga analandira malipiro omaliza, masikelo tinawasiyira makomiti a misika, ziwerengero tinazipereka kwa amene anazipempha. Ndalama zomwe zinkafunika kuti munthu mmodzi apitirize kuima pa Muloza zinali zochepa poyerekeza ndi zomwe dziko limataya likaitanitsa chimanga chosafunika kapena likachedwa kuitanitsa chofunika, koma panalibe mzere wa bajeti womwe zikanachokera.

Izi si za ife tokha. Kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, FEWS NET, yomwe inakhalapo kuyambira 1985, inatsekedwa kwa miyezi ingapo, tsamba lake la pa intaneti n'kuzimiratu, dera lino lili m'kati mwa njala yomwe inatsatira chilala cha El Niño cha 2024. Malipoti a pamwezi a mitengo ya chimanga omwe bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI limatulutsa ku Lilongwe ndi othandiza kwambiri, koma nawonso amadalira ndalama zakunja. Uthenga womwe dziko limadalira posankha ngati anthu ake adya kapena ayi sukuyenera kukhala m'thumba la mlendo.

Maganizo anga ndi akuti poyambira alipo kale. Pansi pa ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, yofewetsa malonda a anthu ang'onoang'ono, yomwe Malawi ndi Zambia anayamba kuigwiritsa ntchito mu 2010, pa malire ena pali maofesala othandiza amalonda kudzaza mafomu. Amalonda amawadziwa ngati owathandiza osati owagwira. Chipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe chinatsegulidwa mu Disembala 2022 kuti maofesi a mayiko awiriwa azigwirira ntchito pamodzi, chimalemba bwino malole kudzera pa makompyuta a kasitomu, koma njinga yodzera kuseri kwa mudzi sichiiona. Kuphatikiza maofesala amenewa ndi anthu a m'deralo ochepa olipidwa kuchokera ku bajeti ya unduna wa zaulimi kungatseke mpata waukulu. Chofunika kusamala n'chakuti kope la wowerenga lisadzagwiritsidwe ntchito pogwira munthu kapena pokhometsa msonkho, chifukwa likangotero kamodzi, njinga zidzayambanso kupatuka. Ku malire a Mozambique nkhani ndi yovutirapo popeza dzikolo silili mu COMESA, choncho pamafunika mgwirizano wa mayiko awiriwa paokha kapena kudzera ku SADC.

Mayi uja wa pa Muloza anapitiriza kunditumizira mitengo kwa miyezi ingapo ntchito itatha, pogwiritsa ntchito mayunitsi ake. Ndinkamuyankha ndi mtengo wa ku Lunzu kuti akalembe pabolodi. Kenako anayamba geni ya nyemba ndipo mauthengawo anayamba kubwera patalipatali. Nditadutsako ulendo wina ndinapeza bolodi lija lili kuseri kwa shedi, choko chitafufutika, ndipo a njinga awiri anandizindikira n'kundifunsa kuti, "Bwana, ku Lunzu chikupita bwanji sabata ino?"